Phunziro 17: Nyimbo ndi Makutu Athu

TIWERENGE

Ife anthu a ku Angonia timakonda nyimbo. Mwana akabadwa timayimba. Namwali akakula timayimba. Pa ukwati, pa maliro, pa mpalo ndi polonga ufumu, ng'oma imalira. Amayi amavina chintali. Angoni amavina ngoma, mapazi akugunda pansi, zishango zili m'manja. Gule wamkulu, amene timavina pamodzi ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia, adalengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Zonsezi zimafuna khutu. Woyimba ng'oma amaiwamba pa moto wa udzu, naigogoda, namvetsera. Khutu ndilo limamuuza kuti chikopa chakungika. Woyimba mbalule amamvetsera mpanje ndi gunda kuti asasochere. Mayi wotsogolera nyimbo amamvetsera ngati anzake akuvomera bwino.

Phunziro lino likunena chinthu chimodzi. Phokoso lalikulu limaononga makutu, ndipo khutu loonongeka ndi phokoso silichira. Sitikuti tileke gule. Tikuti tiphunzire kumvera nyimbo mwa njira yoti tidzazimvebe titakalamba.

1. Mkono umatopa, sipika satopa

Ng'oma nayo ndi yaphokoso, makamaka kwa amene akuiyimba. Koma gule wa makolo ali ndi popumira. Amavinidwa pabwalo, pamene mawu amamwazika. Mkono wa woyimba umatopa, ndipo oyimba amalandirana. Chikopa chikazizira, ng'oma imabwerera kumoto. Nthawi imeneyo makutu amakhala akupuma.

Masiku ano kwafika magetsi, majenereta, masola ndi mabatire. Kwafika masipika akuluakulu, amene ena amati makoluna. Timawapeza pa ukwati ndi pa chinkhoswe, m'mabaraka a mowa, m'nyumba zoonetsera mavidiyo, m'mapemphero a usiku wonse, ndi pa tsiku la msika ku Ulongwe, ku Domwe kapena ku Tsangano. M'chapa namonso nyimbo zimakhala zokwezedwa. Nyengo yokolola, mbatata ndi chimanga zikagulitsidwa, phwando limayamba madzulo n'kudzatha mbandakucha. Sipika alibe mkono woti utope. Malinga mafuta alipo, amalira usiku wonse.

Kwafikanso foni. Mnyamata amalowetsa mahedifoni m'makutu popita kudimba, n'kudzawachotsa pogona. Apa phokoso silimwazika konse. Lonse limathera m'khutu.

Vutoli si la kuno kokha. Pali bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene ife timalitcha OMS ndipo ku Malawi amati WHO. Mu 2015 bungweli lidachenjeza kuti achinyamata 1.1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pa ngozi yoonongeka makutu chifukwa cha mahedifoni ndi malo a chisangalalo aphokoso. Nambala imeneyi ndi mamiliyoni 1,100.

2. Khutu limagwira bwanji ntchito?

Khutu lili ndi zigawo zitatu.

Chigawo choyamba ndi chimene timachiona kunja, pamodzi ndi kanjira kolowa m'kati. Kumapeto kwa kanjirako kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa nembanemba. Nembanemba ili ngati ng'oma yaing'ono. Mawu akaigunda, imanjenjemera.

Chigawo chachiwiri chili kuseri kwa nembanemba. Muli timafupa titatu tolumikizana. Kamodzi mwa timeneti ndiko fupa laling'ono koposa onse m'thupi la munthu. Kutalika kwake ndi mamilimita 3 okha, kosafika pa njere ya mpunga. Timafupati timalandira kunjenjemera kuja n'kukupititsa m'kati.

Chigawo chachitatu chidabisika m'fupa la mutu. Maonekedwe ake ndi a chigoba cha nkhono. M'nkhonomo muli madzi, ndiponso muli timaselo pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse. Timaselo ndi tizigawo tamoyo ta thupi, tosaoneka ndi maso. Ta m'khututi tili ndi ubweya pamwamba pake. Madzi akagwedezeka, ubweyawo umawerama, ndipo uthenga umathamangira ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva. Pamenepo ndiye timati tamva.

Phokoso lalikulu limagwedeza madzi aja mwamphamvu. Taganizirani chimanga chofika m'mawondo. Mvula yamphepo ikabwera chimagona pansi, koma dzuwa likawala chimadzuka. Ndi mmene zimakhalira tikachokera ku dansi: makutu amakhala ngati atsekeka, mawa lake atseguka. Koma mphepo ikamabwera tsiku ndi tsiku, mapesi amathyoka. Phesi lothyoka silidzuka.

M'munda timapakiza. M'khutu la munthu mulibe kupakiza. Timaselo timene tidabadwa nato ndi tomweto mpaka imfa. Mu 1988 akatswiri a ku America adapeza kuti anapiye ndi zinziri zikaonongeka makutu ndi phokoso, timaselo take timaphukanso. Pamenepa nkhuku idatiposa. Kufikira lero palibe jekeseni, piritsi kapena mtengo wa kuthengo umene ungabweze timaselo ta munthu tikafa. Madzi akatayika sawoleka.

Ndiponso tisanyengedwe makutu akatseguka m'mawa. Mu 2009 akatswiri ena a ku Boston adayesa mbewa. Adapeza kuti ngakhale kumva kudabwerera pambuyo pa phokoso, timitsempha tina tidali titaduka kale. Usiku uliwonse waphokoso ungachotseko pang'ono, ife osadziwa.

3. Tiyeze phokoso

Chimanga timayeza ndi makilo. Mtunda timayeza ndi makilomita. Phokoso timayeza ndi madesibelo. Polemba mwachidule timalemba dB.

Kunong'ona: pafupifupi 30 dB
Kucheza pakhonde: pafupifupi 60 dB
Njinga yamoto ili pafupi: pafupifupi 95 dB
Dansi ya masipika akuluakulu: 100 dB kapena kupitirira

Muyeso umenewu uli ndi khalidwe lake. Tikawonjeza madesibelo 3 okha, mphamvu ya phokoso imawirikiza kawiri. Motero nthawi imene khutu lingapirire imadulidwa pakati.

Mu 2019 bungwe la OMS, pamodzi ndi bungwe la za matelefoni la ITU, adaika muyeso. Munthu wamkulu angamve phokoso la 80 dB kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi. Kwa mwana muyesowo ndi 75 dB. Tsono tiyeni tidule pakati:

80 dB: maola 40 pa sabata
83 dB: maola 20
86 dB: maola 10
89 dB: maola 5
92 dB: maola 2 ndi theka
95 dB: ola 1 ndi mphindi 15
98 dB: mphindi 38
101 dB: pafupifupi mphindi 20

Tionetsetse. Nthawi izi ndi za sabata yathunthu, osati za tsiku limodzi. Zili ngati ufa umene mayi wapatula kuti ufike Lamulungu. Ukadyedwa wonse Lolemba, watha. Munthu amene waima pa 101 dB kwa maola 6 wakhalapo mphindi 360. Tikagawa 360 ndi 20 tipeza 18. Usiku umodzi wadya gawo la masabata 18.

Khutu silisankha phokoso. Kaya ndi nyimbo imene timaikonda, kaya ndi chigayo, kaya ndi njinga yamoto, zonse zimatapa m'thumba limodzi. Mnyamata wogwira ntchito pa chigayo masana, n'kumavina pafupi ndi sipika usiku, akudya ufa wake mbali ziwiri.

Ambirife tilibe makina oyezera phokoso. Koma tili ndi mkono. Imani ndi mnzanu motalikirana mkono umodzi wotambasula. Lankhulani. Ngati mukuchita kufuula kuti mumvane, phokosolo lafika pa 85 dB kapena kupitirira. Pamenepo ndi pa ngozi.

4. Mapazi ndiwo mankhwala oyamba

Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6. Tiyerekeze kuti pa mita 1 kuchokera pa sipika pali 104 dB.

Pa mamita 2: 98 dB
Pa mamita 4: 92 dB
Pa mamita 8: 86 dB
Pa mamita 16: 80 dB

Bwererani pa mndandanda wa nthawi uja. Woima pa mamita 2 ali ndi mphindi 38. Woima pa mamita 8 ali ndi maola 10. Nyimbo ndi yomweyo, phwando ndi lomwelo. Chasiyanitsa ndi mapazi ochepa chabe, ndipo kuyenda sikulira ndalama.

M'nyumba phokoso silitsika chotere, chifukwa makoma ndi malata amabweza mawu. N'chifukwa chake dansi ya m'chipinda chotseka imaononga msanga kuposa ya pabwalo.

5. Zizindikiro

Khutu loonongeka ndi phokoso silitupa. Silituluka magazi kapena mafinya. Kawirikawiri silipweteka n'komwe. Tiyenera kudziwa zizindikiro zake.

Choyamba ndi kulira kwa m'makutu. Munthu amamva ngati nyenje kapena nkhululu ikulira m'mutu, pamene kunja kuli zii. Poyamba kuliraku kumatha pakapita maola. Kwa ena kumadzakhazikika, usana ndi usiku, mpaka kusowetsa tulo.

Chachiwiri ndi kutsekeka kwa makutu pochokera ku phwando. Mawu a anthu amamveka ngati akuchokera m'chipinda china.

Chachitatu ndi kutayika kwa mawu oonda. Phokoso limayamba kupha timaselo timene timamva mawu oterewa: kulira kwa timba, mawu a ana, ndi malembo monga s, f ndi ts. Malembo a, e, i, o, u amamvekabe. Tawerengani mawu awa mokweza:

tsamba, samba, famba

Kwa munthu wa makutu abwino awa ndi mawu atatu. Kwa woonongeka makutu onse amamveka "amba". Iye amati: "Ndikumva kuti mukulankhula, koma sindikumva chimene mukunena." Pamsika kapena pamsonkhano ndiye zimanyanya.

Ife ophunzitsa timaziona zimenezi m'makalasi athu. Timatchula liwu, wophunzira n'kulemba lina. Kale tinkaziona kwa agogo amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Tsopano tikuziona ndi kwa anyamata a zaka 25. Kulemba kumayambira pa kumva. Munthu wosasiyanitsa sa ndi fa amavutika pawiri.

Kunyumba nako kumabuka milandu. Mkazi amaitana, mwamuna osayankha. Amati ndi mwano. Mfumu imalankhula pabwalo, iye n'kumva zina. Pamsewu galimoto imaliza hutala kumbuyo, iye ali pa njinga osapatuka. Potsiriza munthuyo amayamba kuthawa macheza chifukwa cha manyazi ofunsa kawiri.

Kwa woyimba kutayako ndi kwakukulu koposa. Sadziwanso ngati gitala wake wachunidwa bwino. Amayimba mophonya anzake. Posamva bwino amakweza sipika, ndipo pokwezapo amaonongeratu zotsala. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

6. Zimene oyimba a maiko ena adaphunzira

Ku San Francisco, m'dziko la America, kudali mayi woyimba gitala wa besi m'gulu la The Contractions. Dzina lake ndi Kathy Peck. Makutu ake adaonongeka ali pa ntchito yoyimba. Mu 1988 iye ndi dokotala wina, Flash Gordon, adayambitsa bungwe lotchedwa H.E.A.R. Cholinga chake chidali kuphunzitsa oyimba ndi okonda nyimbo za ngozi ya phokoso, kuwayeza makutu, ndi kugawa zotsekera m'makutu pa malo a madansi.

Nthawi imeneyo oyimba ambiri ankabisa vutoli poopa kutaya ntchito. Mu 1989 Pete Townshend, woyimba gitala wa gulu lotchuka la ku England la The Who, adaulula poyera kuti makutu ake adaonongeka ndipo amalira. Adaperekanso ndalama zothandiza bungwe lija. Munthu wotchuka atalankhula, achinyamata adayamba kutchera khutu.

Wina angati vutoli ndi la zoyimbira za magetsi zokha. Iyayi. Mu 2012 ku London, woyimba wina dzina lake Chris Goldscheider adakhala patsogolo penipeni pa oyimba malipenga pokonzekera chionetsero ku Royal Opera House. Panalibe sipika. Phokoso la malipenga lidafika pa 137 dB, ndipo makutu ake adaonongeka kotero kuti adasiya ntchito yoyimba. Mu 2018 khoti lalikulu lidagamula kuti olemba ntchito adalakwa posamuteteza. Motero nawonso oyimba ng'oma, malipenga ndi mabeni asamale.

Ku Germany, kafukufuku amene adatuluka mu 2014 adapeza kuti oyimba a ntchito amagontha ndi phokoso pafupifupi kanayi kuposa anthu ena.

Mu 2022 bungwe la OMS lidatulutsa malangizo a malo a chisangalalo. Lidati phokoso lisapitirire 100 dB poliyeza kwa mphindi 15. Lidati pakhale munthu woyeza phokosolo, masipika aikidwe bwino, pakhale zotsekera m'makutu, pakhale malo abata opumirako, ndipo ogwira ntchito aphunzitsidwe. Tikumbuke mndandanda wathu: 100 dB ndi malire otsiriza, si malo okhalapo usiku wonse. Chaka chilichonse pa 3 Malichi maiko amakumbukira tsiku la kumva.

7. Tichite chiyani?

Ife omvera ndi ovina:

Tivine patali ndi sipika. Tisatsamire sipika, tisakhalepo.
Pa ola lililonse tichoke mphindi 10, tipite kumene tingalankhule osafuula.
Makutu akayamba kulira, tichoke. Ndi chenjezo.
Tikachezera ku phwando, mawa lake makutu apume tsiku lonse. Mahedifoni asalowe.

Ife a mafoni:

Mawu asapitirire magawo 60 mwa 100 a kamzere ka pa foni, ndiko kuti kungodutsa theka pang'ono.
Ngati amene takhala naye pafupi akumva nyimbo ya m'mahedifoni athu, takweza kwambiri.
Foni ikachenjeza kuti mawu akwera, timvere.
Tisakweze nyimbo pofuna kugonjetsa phokoso la chapa kapena la chigayo.
Tisagone mahedifoni ali m'makutu, ndipo tisayende nawo pamsewu.

Ife makolo:

Khanda la kumsana silingathe kuthawa kapena kudandaula. Mayi akavina pafupi ndi sipika, makutu a mwana akulandira phokoso lomwelo. Tisiye mwana ndi agogo kapena azakhali patali.
Ana amakonda kuunjikana kutsogolo kwa sipika. Tiwachotsepo. Ndi udindo wa wamkulu aliyense amene alipo.

Ife oyimba ndi eni masipika:

Masipika aikidwe pamwamba, kupitirira mitu ya anthu, osati pansi pamene pali makutu a ana.
Timange chingwe kapena tiike mabenchi kuti pakhale mpata wa mamita angapo patsogolo pa sipika.
Sipika akayamba kusasa mawu, wapitirira mphamvu yake. Titsitse. Nyimbo idzakoma, ndipo sipikayo adzakhalitsa.
Pophunzira nyimbo tiyimbe motsitsa. Palibe khamu loti limve.
Oyimba ng'oma asathinane m'chipinda. Aphunzirire pabwalo, azilandirana.
Pakati pa phwando tisiye mpata. Nthawi ya chakudya ndi ya zolankhula, nyimbo zitsike kapena zizime.

8. Zotsekera m'makutu

Ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize amavala zotsekera m'makutu. Palibe amawaseka. Woyimba amene amakhala m'phokoso lofanana ndi la mumgodi ayenera kuchita chimodzimodzi.

Zotsekera za siponji ndi zotsika mtengo. Zimagulitsidwa m'masitolo a zida za ntchito ndi m'mafamasi ena a m'tauni. Zikavalidwa bwino zimatsitsa phokoso ndi madesibelo 15 mpaka 30. Nyimbo imamvekabe. Kavalidwe kake ndi aka:

Sambani m'manja.
Potani kasiponji ndi zala mpaka kaonde ngati kamtengo.
Pititsani dzanja lina pamwamba pa mutu, mukokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo.
Lowetsani kasiponji, mukagwire ndi chala kwa masekondi 30 kuti kafufume.
Mukalankhula, mawu anu amveke ngati muli mumgolo. Pamenepo katseka.

Kakada kapena kakauma, katayeni. Musabwerekane. Palinso zotsekera za mphira zopangidwira oyimba. Izi zimatsitsa mawu onse mofanana, kotero nyimbo sisintha kakomedwe. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma zimatsukidwa ndipo zimakhalitsa. Gulu la oyimba lingathe kusonkherana n'kutuma mmodzi wopita ku Tete kapena ku Lilongwe.

Thonje louma silithandiza kwenikweni. Pepala, nsanza, njere kapena phula la njuchi la kuthengo tisalowetse m'khutu. Zingakanirire n'kuyambitsa matenda. Phokoso likatidzidzimutsa tilibe chotsekera, titseke ndi zala n'kuchokapo.

9. Kulankhula ndi mwini masipika

Kudziwa n'kosavuta. Chovuta ndi kuuza mnzathu pa phwando la eni ake. Tisamuchititse manyazi pagulu. Timutengere pambali. Werengani awiriawiri:

"Zikomo achimwene, tilankhuleko pang'ono."
"Lankhulani amayi, ndikumva."
"Nyimbo zanu zikukoma. Koma taonani ana akhala apawa, ndi makanda ali kumsanawa. Tsitsaniko pang'ono, kapena sipikayu akwere pa tebulo."
"Amayi, ndikatsitsa eni ukwati ati makina anga ndi ofooka. Mawa sandiitananso."
"Ndamva, achimwene. Tiyeni tikaonane ndi ankhoswe, iwo anene okha. Komanso amene mumakhala pafupi ndi sipikayu Loweruka lililonse ndinu. Makutu anuwo ndiye khasu lanu."
"Kunena zoona, amalira usiku ndikagona."
"Ndiye chenjezo limenelo. Tiyeni kwa ankhoswe."

Mwini masipika ali ndi mantha oona. Amakweza chifukwa ife olemba ganyu timayesa ubwino wa makina ndi kutalika kwa kumene akumveka. Tikasintha ife, iye adzasintha. Nkhaniyi ikambidwe pokonzekera phwando, pamodzi ndi nkhani ya ndiwo ndi nkhuni. Mafumu, anyakwawa, akulu a mipingo ndi atsogoleri a magule angathe kugwirizana za ola limene masipika ayenera kutsika m'mudzi.

10. Tipite liti ku chipatala?

Si kugontha konse kumene kumachokera ku phokoso. Nthawi zina ndi phula la m'khutu limene latseka njira, ndipo achipatala amalichotsa. Nthawi zina ndi mafinya, chikuku, matsagwidi kapena matenda oumitsa khosi. Mankhwala ena amphamvu nawo amakhudza makutu. Ngati makutu ayamba kulira tili pa mankhwala, tiuze achipatala msanga. Tisasiye tokha.

Tipite ku chipatala ngati makutu akulirabe pakapita masiku awiri kapena atatu, ngati khutu likupweteka kapena kutuluka mafinya, ndi ngati apabanja akudandaula kuti sitikumva. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, tipite tsiku lomwelo. Tisathire mafuta kapena madzi a masamba, ndipo tisatokose ndi nthenga kapena machesi.

Tiyambire pa chipatala chathu chaching'ono. Iwo ndiwo amatumiza ku chipatala cha Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha Tete. Kutsidya kwa malire, ku Lilongwe, kuli chipatala choyeza makutu pa African Bible College. Kuli timakina tovala m'khutu tothandiza kumva. Timathandiza ndithu, koma timafuna ndalama ndi mabatire, ndipo sitibweza khutu mmene lidalili.

Anzathu amene makutu adaonongeka kale tisawaseke. Polankhula nawo tiwayang'ane kumaso, pamalo owala, tilankhule momveka osafuula. M'kalasi akhale kutsogolo. Nawonso ateteze kumva kumene kwatsala.

MAWU ATSOPANO

nembanemba: kachikopa ka m'khutu konjenjemera ndi mawu
timaselo: tizigawo tamoyo ta thupi tosaoneka ndi maso
desibelo: muyeso wa phokoso
zotsekera m'makutu: tisiponji kapena timphira totsitsa phokoso

TIYANKHE

1. Tchulani zigawo zitatu za khutu.
2. N'chifukwa chiyani khutu loonongeka ndi phokoso silichira?
3. Tingadziwe bwanji kuti phokoso lafika pa ngozi ngati tilibe makina?
4. Kodi Kathy Peck adachita chiyani mu 1988?
5. Nkhani ya Chris Goldscheider ikutiphunzitsa chiyani za ng'oma ndi malipenga?

TIWERENGERE

1. Pa 86 dB tili ndi maola 10 pa sabata. Pa 89 dB tili ndi maola angati?
2. Pa mamita 3 pali 98 dB. Pa mamita 6 pali madesibelo angati? Nanga pa mamita 12?
3. Woyimba ali pa 101 dB. Wavala zotsekera zotsitsa madesibelo 15. M'khutu mwake mukulowa madesibelo angati? Ali ndi maola angati pa sabata?
4. Mtsikana wakhala maola 4 pa 101 dB. Wadya gawo la masabata angati?

TILEMBE

1. Mmodzi atchule, ena alembe: tsamba, samba, famba, fulu, tsulo, sefa, tsiku, fisi, tsitsi.
2. Koperani m'makope: Mkono umatopa, sipika satopa. M'khutu mulibe kupakiza.
3. Lembani kalata ya mizere 5 kwa amfumu, yopempha kuti nkhani ya masipika ikambidwe pabwalo.

TIKAMBIRANE

1. M'mudzi mwathu, malo aphokoso koposa ndi ati? Ndani amakhalitsako?
2. N'chifukwa chiyani timaganiza kuti phwando laphokoso ndilo lopambana?
3. Kodi mnyamata wovala zotsekera m'makutu pa dansi anzake angamuone bwanji? Tingamuthandize bwanji?

NTCHITO YA SABATA INO

Tigawane m'magulu a anthu atatu. Gulu lililonse lipite pa malo amodzi aphokoso: pa baraka, pa chigayo, pa nyumba ya mavidiyo kapena pa phwando. Likayese muyeso wa mkono. Liwerenge mapazi kuchokera pa gwero la phokoso kufikira pamene anthu awiri akumvana osafuula, ndipo lilembe nambalayo. Liwerengenso ana amene ali m'kati mwa mtunda umenewo. Gulu limodzi likacheze ndi woyimba ng'oma wachikulire, limufunse mwaulemu za makutu ake. Tsiku la kalasi lotsatira tidzalemba nambala zonse pa bolodi, ndipo tidzasankha anthu awiri okazipereka kwa amfumu.